Lekani kugawana magetsi powerenga zitseko

Chiyambireni mphepo ya Juni foni yanga sikupuma. Wina ali ku Area 25, wina ku Area 49, wina ku Kawale, koma dandaulo ndi limodzi: mayunitsi akutha ngati wina akuchita kumwa, ndipo pa mdadada anthu asiya kupatsana moni. Ndikafika pamalopo n'kufunsa kuti mwezi wathawu munagwiritsa mayunitsi angati, amandiyankha ndi makwacha. "Tinasonkha K10,000 khomo lililonse, alangizi, koma sanathe ndi sabata ziwiri zomwe." Ndimabwerezanso funso lomwelo, mayunitsi angati? Apa amangoyang'anana. Uthenga wa tokeni uja anaufufuta kalekale mufoni, ndipo pa mita palibe amene amayang'anapo kufikira tsiku limene yayamba kulira.

Nyumba zosanjikizana ndi midadada yambiri mu Lilongwe muno, makamaka zimene anthu amamanga pa puloti kuti azidyapo lendi, zimadyera mita imodzi. Mabanja asanu, pena asanu ndi atatu, mita imodzi. Eni nyumba anangowerenga zitseko n'kulamula kuti khomo lililonse lizisonkha zofanana, ndipo lamulolo lakhala zaka osaliunikanso. Kale zinkatheka, chifukwa m'nyumba munkangokhala mababu awiri ndi wailesi. Lero kuseri kwa chitseko china kuli giza, hotipuleti, simbi ndi filiji yaikulu youmitsira mafirizesi ogulitsa kusukulu. Kuseri kwa chitseko choyandikana nacho kuli mnyamata wa pa koleji amene chuma chake chonse ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni, ndipo amachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Onse awiri akupereka zofanana. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pano ndi mwana amene akupotedwa ndi nkhuyu zodya akulu.

Kwacha si muyezo wa magetsi, ndipo sindidziwa kuti ndinene kangati. Kwacha yomweyi inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa yunitsi umasintha nthawi iliyonse MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ikavomereza mitengo yatsopano. Munthu amene akunena kuti zaka zitatu zapitazo K10,000 inkamufikitsa kumapeto a mwezi sakunama, koma sanandiuze kanthu za kuchuluka kwa magetsi amene akudya lero. Mwina akudya ochepa kuposa kale. Palinso china chimene chayambanitsa anthu ambiri pachabe. Pa mita ya pakhomo, mayunitsi 50 oyambirira pa mwezi amakhala otsika mtengo, otsatirawo amakwera. Ndiye wotumidwa kukagula pa 1 amabwera ndi mayunitsi ochuluka, wotumidwa pa 15 ndi ndalama yomweyo amabwera ndi ochepa, basi anthu ayamba kunong'onezana kuti wadulako ina. Munthu wosalakwa akutchedwa wakuba chifukwa anzake sawerenga uthenga wa Airtel Money kapena wa Mpamba mpaka kumapeto. Ndipo dziwani kuti mabanja asanu ndi limodzi akamadyera mita imodzi, mayunitsi otsika mtengowo amakhala 50 omwewo, onse agawane. Akanakhala aliyense ndi mita yakeyake, bwenzi khomo lililonse likulandira akeake.

Za yunitsi sindichedwapo, mwana wa sekondale akudziwa: chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chadya yunitsi imodzi, ndipo mawatiwo amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwa chipangizocho. Chimene anthu sakhulupirira ndi kusiyana kwake. Babu la LED la mawati 9 liyenera kuyaka maola oposa 100 kuti limalize yunitsi imodzi. Hita ya mawati 2,000 imaimaliza pa theka la ola. Giza ya malita 150, kuti itenthetse madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, imafuna mayunitsi pafupifupi 7, ndipo miyezi ino madzi a m'mipope amabwera ozizira kuposa apo. Komatu pa mdadada mkangano umakhala wa babu la pakhonde. Munthu amadzuka pakati pa usiku kukathimitsa babu la mnzake, m'nyumba mwake nyemba zili pa hotipuleti kuyambira masana.

Sabata zitatu zapitazo ndinali pa puloti ina ku Area 25, nyumba zinayi pansi, ziwiri pamwamba. Onse anali atagwirizana kale za wolakwa: bambo wina wa nyumba yakumapeto amene amaweta nkhuku m'kachipinda kakuseri. Anali ndi anapiye a sabata imodzi, ndipo mababu awiri ankayaka usana ndi usiku kuti anapiyewo asafe ndi chisanu. Anthu ankadana naye kale chifukwa cha fungo, ndiye mlandu wa magetsi unangomugwera mosavuta. Ndinalowa m'kachipindako, utuchi pansi, anapiye ataunjikana pansi pa kuwala. Mababu ake anali akale aja, a mawati 100 lililonse. Awiri, maola 24, ndiye kuti mayunitsi osakwana 5 pa tsiku. Si zochepa ayi, ndipo ndinamuuza pamaso pa onse kuti ayenera kuwonjezera pa chosonkha chake. Koma mita inkaonetsa kuti pa tsiku pakupita mayunitsi oposa 30.

Tinagwirizana kuti usiku umenewo mayi wina wa pansi alembe nambala ya pa mita nthawi ya 10 koloko, adzalembenso 5 koloko m'mawa. Nthawi imene anthu onse akuti anali mtulo, panapita mayunitsi 17. Anapiye anadyapo yunitsi imodzi ndi theka basi. Mafiliji onse pamodzi sakanafika ngakhale pa theka la otsalawo. Titayamba kugogoda khomo ndi khomo, mayi wa pamwamba, amene mawu ake ndi amene ankamveka kwambiri pa nkhani ya nkhuku, anati, "Ife tilibe chilichonse, alangizi, koma kahita kakang'ono ka ana." Anakatulutsa. Kakang'ono ndithu, kokwana m'jumbo, koma pansi pake panalembedwa 2,000 W, ndipo kankayaka mpaka tambala woyamba. Mayiwo sankabisa dala. Ankaganiza kuti kukula kwa chinthu ndiye kudya kwake, ndiye ankaopa filiji ya anzawo chifukwa ndi yaitali kuposa munthu.

Zimenezi zimandikumbutsa mkulu wina wa ku Mitundu, masiku amene ndinkayenda m'minda ndi njinga ndisanayambe za magetsizi. Chaka chilichonse ankandichingamira ndi nkhani yoti wakolola ngolo zisanu ndi ziwiri pamene mlamu wake wakolola zinayi, ndiye mlamuyo ndi mlesi. Tsiku lina ndinatenga chingwe, tinayeza minda yonse iwiri. Wa mkuluyu unali maekala atatu, wa mlamu wake ekala imodzi ndi kachidutswa. Ndinamuwerengera pansi ndi kamtengo kuti pa ekala, mlesi uja akumuposa. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, chingwe chakocho n'chachifupi." Ngolo yakenso inali yaing'ono kuposa ya mlamuyo, koma zimenezo sindinamuuze tsiku limenelo, ndinaona kuti zamukwana. Anamwalira akuwerengabe ngolo.

Ndi mmenenso anthu a m'tauni akufananitsira nyumba. Wina amamva kuntchito kuti anzake a fulati ina ku Area 18 amasonkha theka la zimene iye amapereka, abwera kunyumba ndi ukali. Sanafunse kuti kumeneko amakhala anthu angati, amaphikira magetsi kapena gasi kapena makala, ali ndi giza kapena amatenthetsa madzi pa mbaula. Sanafunse ngati kumeneko kuli pampu yokwezera madzi m'thanki, imene pa nyumba zosanjikizana imadya magetsi a onse koma palibe amene amaiwerengera, pamodzi ndi mababu a pampanda oyaka usiku wonse. Nyumba ziwiri zimafananitsidwa pa mayunitsi a tsiku limodzi, kenako mugawe ndi chiwerengero cha anthu ogona m'menemo. Zikakhala zosiyana kukula, gawaninso ndi zipinda. Ndipo Juni afananitsidwe ndi Juni. Musatenge Julayi, pamene aliyense akufuna madzi otentha, n'kumuika pambali pa Okutobala, pamene anthu akusamba ozizira ndipo okhala pamwamba pafupi ndi malata ndi amene akuzunguza mafani usiku wonse. Mwezi umene magetsi anathimathima nawonso umanamiza. Amene munali muno mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mukukumbukira kuti mayunitsi ankakhalitsa. Sikuti tinaphunzira kusamala chaka chimenecho, magetsiwo ndi amene kunalibe.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa kugawana mofananaku n'chakuti kumaphunzitsa anthu kuwononga. Munthu akadziwa kuti kaya athimitse kaya asathimitse apereka zomwezo, athimitsiranji? Wosamala uja amapirira miyezi iwiri, wachitatu nayenso amakagula ketulo yamagetsi kuti ndalama yake isamangodyedwa ndi ena. Pakutha pa chaka aliyense akudya mopikisana, chosonkha chakwera kawiri, ndipo mawaya amene anaikidwa poganizira mababu ndi wailesi akunyamula mahita atatu ndi hotipuleti nthawi imodzi. Ndakhudzapo masoketi otentha ngati mbale ya nsima m'nyumba zogona ana. Eni nyumba nawo amaona ngati nkhaniyi si yawo, kufikira tenanti wabwino, wolipira lendi pa tsiku lake, atasamuka chifukwa chotopa ndi kulipirira madzi osamba a anthu ena. Nyumba ikakhala miyezi iwiri yopanda munthu, lendi yotayikayo ikanagula masabumita, timamita towerenga magetsi a khomo lililonse palokha, a puloti yonse n'kutsalako. Ndipo mayunitsi akatha pa 20, anthu akukanirana kusonkhanso, onse amabwerera ku mbaula, thumba la makala nalo silinatsike mtengo. Makala ambiri olowa mumzinda uno ndi mitengo ya ku Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene tikumwa tonsefe.

Ena amandiuza kuti kulemba manambala n'kusakhulupirirana, anthu okhala pamodzi sayenera kuwerengerana ngati pa golosale. Iwo omwewo akagula thumba la chimanga pamsika amafuna sikelo, ndipo amaliika kawiri. Pa puloti ya ku Area 25 ija anthu anali atatha mwezi osalankhulana, kope lolembamo mayunitsi lisanabwere.

Chochita n'chachidule. Gulani kope la sukulu, likhale pafupi ndi mita. Munthu mmodzi azilemba mayunitsi otsala tsiku lililonse nthawi yofanana, ndi mayunitsi a tokeni iliyonse yolowa, osati ndalama yake. Tsiku limene magetsi anathima maola ambiri alembe pambali. Pakatha sabata ziwiri mudzadziwa chimene puloti yanu imadya pa tsiku. Chitaninso muyezo wa usiku uja kamodzi, giza zili zoyatsa, kenako kamodzi zili zothimitsa. Khomo lililonse lilembe zipangizo zake zotenthetsa ndi mawati ake, zinazo musavutike nazo, ndipo chosonkha chitsate zimenezo, pampu ndi mababu a panja zokha ndi zimene mugawane mofanana. Eni nyumba, itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo aike sabumita pa khomo lililonse, aonenso mawaya ali pomwepo. Ngati n'kotheka pitani ku ESCOM mukafunse za mita ya khomo lililonse. Mita yeniyeniyo musaitsegule ndipo musalole mnyamata wa m'dera kuigwira. Giza muziyatsa ola limodzi kapena awiri musanasambe, ndipo ana afunditseni bulangete lachiwiri m'malo mwa hita.