Momwe mungatsekere kamera ya Wi-Fi kuti alendo asamakuonereni m'nyumba

Kamera imene mwaika pakhonde kuti muziona akuba pa foni ndi kakompyuta kokhala pa intaneti usana ndi usiku. Ngati inu mukutha kuona pakhomo panu muli ku Johannesburg, winanso amene wapeza polowera angaone. Mu 2014 webusaiti ya Insecam inkaonetsa poyera makamera oposa 73,000 amene eni ake sanasinthe pasiwedi yakufakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka pongoyesa mapasiwedi pafupifupi 60, monga admin ndi 12345.

Yambani ndi funso loti akaunti ndi ya ndani. Apa m'pamene ambiri amagwa. Mmisiri akamaliza kumangirira kamera amajambula QR code yake ndi foni yake, kenako n'kukugawirani mwayi woonera. Zikatero mwini kamera ndi iyeyo, inu ndinu mlendo. Ngakhale akhale wokhulupirika chotani, foni yake ikabedwa, pakhomo panu pabedwera limodzi. Mpempheni aichotse mu akaunti yake inu mukuona, chifukwa pa makamera ambiri kudina reset kokha sikuimasula. Akatero, lowetsani kachitsulo kotsegulira SIM m'kabowo ka reset, mukanikize kwa masekondi 10 mpaka kanyali kayambe kuphethira, kenako muilembetse ndi imelo yanu.

Pasiwedi ikhale ya zilembo 12 kapena kuposerapo, ndipo isakhale yomwe mumalowera pa Facebook kapena pa imelo. Mu 2019 anthu analowa m'makamera a Ring ndi mapasiwedi otayika kuchokera kumawebusaiti ena, mpaka munthu wina analankhula kudzera pa kamera ndi mtsikana wa zaka 8 wa ku Mississippi, ku America, amene anali kuchipinda kwake. Yatsaninso two-step verification, kuti wolowa aliyense azifunsidwa nambala yobwera pa foni yanu. Ngati muli ndi bokosi losungira kanema la DVR kapena NVR, lili ndi pasiwedi yakeyake ya admin; sinthaninso imeneyo.

Kenako rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba. Adiresi yolowera yalembedwa pa kapepala kansi kwake, kawirikawiri 192.168.0.1, 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1 pa marauta ambiri a Huawei. Mukalowa, sinthani pasiwedi ya admin, zimitsani WPS (njira yolumikizira zipangizo osalemba pasiwedi ya Wi-Fi), ndipo pa chitetezo cha Wi-Fi sankhani WPA2 kapena WPA3. Chofunika koposa ndi kuzimitsa UPnP, chifukwa imalola kamera kudzitsegulira yokha khomo lopita kunja osakufunsani. Pa port forwarding, pamene pamakhala mndandanda wa makomo otsegulidwa, fufutani mizere ya 23, 80 ndi 554. Wa 554 ndi umene kanema amadutsira, ndipo ofufuza makamera otseguka amaugogoda tsiku lililonse.

Ngati rauta ili ndi guest network (Wi-Fi yapadera ya alendo), ikani kamera kumeneko pa 2.4 GHz, popeza makamera ambiri otchipa samva 5 GHz. Kamera ikalandidwa, wolowayo safika pa laputopu kapena foni imene mumasungira ndalama. Vuto lake n'lakuti kanema azidutsa pa intaneti ngakhale muli m'nyumba momwemo, choncho bandulo idzatha msanga. Kutsitsa kaonekedwe ka kanema kuchoka pa HD kufika pa SD kumathandiza.

Kamodzi pamwezi yang'anani mu app ngati pali firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa kamera imene imabwera ndi zokonza. Musaiike nthawi imene magetsi akuphethiraphethira: akazima pakati pa ntchito, kamera ikhoza kufa osadzukanso. Ku Britain, kuyambira pa 29 April 2024, lamulo limaletsa mapasiwedi akufakitale osavuta kulota, ndipo limakakamiza opanga kunena kuti azitumiza zokonza kwa nthawi yaitali bwanji. Kamera yopanda dzina la kampani, yogulidwa pamtengo wotaya, kawirikawiri silandira zokonza zilizonse, ndipo imeneyo sitingakulangizeni kuilowetsa m'nyumba.

Ngakhale mutatseka zonsezi, kampani yokha ikhoza kulakwitsa. Mu February 2024 anthu pafupifupi 13,000 ogwiritsa ntchito makamera a Wyze analandira zithunzi za m'makamera a anthu ena. N'chifukwa chake kamera iziloza pageti, pakhonde ndi pamalo oimika galimoto, osati kuchipinda chogona kapena kubafa. Maikolofoni zimitsani ngati simukuifuna, ndipo wantchito wapakhomo auzidwe pamene pali kamera.

Mukaona kamera ikutembenuka yokha, mukamva mawu achilendo, kapena mu app mukapeza foni yosadziwika, izuleni kumagetsi pomwepo. Sinthani pasiwedi ya imelo choyamba, kenako ya akaunti ya kamera, tulutsani mafoni onse olumikizidwa, muchitenso reset musanaiyatse pa Wi-Fi. Pogulitsa kapena kupatsa wina, ichotseni mu akaunti yanu ndipo khadi la microSD mulisunge inuyo.