Mwana wochenjera amene akuchedwa kuyankhula

Makolo ambiri amatifunsa za mwana wa zaka ziwiri amene amamva chilichonse. Mukamutuma nsapato amabwera nazo, foni mukaibisa amaipeza, koma pakamwa pali zii. Akati ayankhule, amamumvetsa ndi mayi ake okha. Achibale amati, "Musiyeni, ndi wanzeru ameneyu, adzayamba yekha." Zoona, ambiri otere amawapeza anzawo akamafika zaka 3. Koma poyang'ana ndi maso simungadziwe kuti wanuyo ali m'gulu limenelo.

Muyeso wake ndi uwu. Mwana wa chaka chimodzi amakhala akutchula mawu amodzi kapena awiri, ndipo amaloza chinthu ndi chala. Pofika zaka 2 timayembekezera mawu pafupifupi 50, komanso kulumikiza awiri, monga "mama bwera". Pa msinkhu umenewu mlendo amamva theka chabe la zomwe mwanayo akunena. Pa zaka 3 amamva zambiri, pa zaka 4 pafupifupi zonse. Choncho kudula mawu kapena kusinthanitsa malembo pa zaka 2 si matenda.

Yambani ndi makutu. Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya, chifukwa amati, "Koma akamva chitseko amatembenuka." Kumva phokoso ndi kumva mawu bwinobwino n'zosiyana. Chimfine chikamabwerabwera, madzi amatha kudzadza kuseri kwa kanembanemba ka m'khutu popanda ululu kapena mafinya, ndipo mwana amamva ngati mmene munthu amamvera ali pansi pa madzi. Mwana wochenjera amabisa vutoli mosadziwa: amawerenga nkhope yanu, dzanja lanu ndi kumene mwayang'ana, inu n'kumati wamva. Pemphani achipatala amuyeze makutu.

Musadikire kupita kuchipatala ngati mwana wasiya mawu amene ankawatchula kale, satembenuka mukamuitana dzina, saloza zinthu pofuna kukuonetsani, kapena wafika zaka 2 osalumikiza mawu awiri. Achipatala akhoza kukutumizani kwa katswiri wa za kayankhulidwe.

Kunyumba, yankhulani naye pa ntchito zomwe mukuchita kale. Pomusambitsa tchulani dzanja, mwendo, madzi. Khalani pansi kuti aone milomo yanu. Mukamufunsa, dikirani pang'ono, muwerenge chamumtima mpaka 5. Ife akulu timafulumira kumuyankhira mwana, ndipo abale ake aakulu ndiye amaposa. Akangoloza, musathamangire kumupatsa. Funsani, "Ukufuna mpira kapena kapu?" Akati "pila", inu nenani mokondwa, "Eya, mpira! Mpira waukulu." Mwamukonza osamuchititsa manyazi. Kumukakamiza kuti "nena bwino" pamaso pa alendo kumangomutseka pakamwa.

Foni ndi wailesi yakanema zimayankhula koma sizidikira yankho. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Ena amaimba mlandu zinenero ziwiri za pakhomo. Zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana. Powerenga mawu amene akudziwa, phatikizani a zinenero zonse ziwiri. Lembani mawuwo papepala monga mmene iye amawatchulira, ngakhale opindika, ndipo mukatenge pepalalo popita kuchipatala.