Mzere wa ku OPD ukakutopetsani, mphamvu muzizitenga kuti

Anzanga azaumoyo tisanamizane, ntchito yathuyi imakwana. Lolemba mmawa mzere wa ku OPD, komwe timaona odwala osagonekedwa, wafika mpaka pansi pa mtengo wa mango, kutentha kwa ku Salima kuno mu Okutobala mukukudziwa, iwe ukungobaya chala, kudontheza magazi, kudikira timizere, atuluka awiri, ndi malungo, LA, "muzimwa mmawa ndi madzulo masiku atatu, mudye kaye," wotsatira. Ikamati 2 koloko anthu sukuwaonanso, ukungoona mabuku awo basi. Ine ndakhalitsa pa health centre ina ya mmbali mwa nyanja, nde zomwe zimandigwira kuti ndisataye mtima ndi izi.

Poyamba musamayembekeze zikomo pakhomo la chipinda chanu. Munthu akutuluka mutu ukuwawa, akuwerenga ngati ya kabaza ikwane, angakumbukire kuthokoza? Zikomo wa anthu akuno amabwera mochedwa komanso poti simukuyembekezera. Ine tsiku lina ndikugula tomato pa Kamuzu Road agogo ena anandigwira mkono, "Adokotala mwandiiwala eti? Mdzukulu wanga uja wa kolera ndi uyu." Kuyang'ana, kamnyamata kali mu yunifomu, kakudya chimanga chootcha, kosadziwa nkomwe kuti ndine ndani. Nthawi ya kolera ija, kumayambiriro kwa 2023, kanabwera maso atalowa mkati, mtsempha osaoneka, tinavutika nako usiku kuti dripi ilowe. Ndine nesi ine osati dokotala koma tsiku limenelo sindinawakonze agogowo. Nde anthu akakuimitsani pamsika musamathamange, imani muwamvere.

Kenako muzifuna kudziwa kuti nkhani inatha bwanji. Chotopetsa kwambiri pa ntchitoyi nchoti timangoona anthu akudwala, akachira sitiwaonanso. Munthu akabweranso tsegulani tsamba lammbuyo la buku lake, mufunse, "Mayi, mankhwala aja munapeza nawo bwanji?" Sizitenga ndi mphindi yomwe. Kusikelo ndiye kosavuta, mwana amene tepi ya pamkono yoyezera kunyentchera inkagwera pofiira, wadya chiponde masabata angapo lero yafika pobiriwira, aonetseni mayi ake tepiyo muone nkhope yawo. Ku ART, kolandirira ma ARV, chimodzimodzi, viral load (kuchuluka kwa kachilombo mmagazi) ikabwera yotsika osangolemba nkutseka faelo, muuzeni mwiniwake kuti wachita bwino.

Khalaninso ndi kakope. Ine ndili nako mchikwama, ndimalemba mzere umodzi, monga "mayi wa mapasa anabwera kudzandionetsa akuyenda." Dzina ayi, mudzi ayi, ndipo chonde zojambula odwala nkuika pa status ya WhatsApp zija tisiye, chinsinsi cha wodwala sichitha chifukwa wakuthokozani. Kakopeko mudzakafuna tsiku lomwe mankhwala atha, gadiyani wina wakutukwanani ngati munawabisa ndinu.

Za mphatso apa pafunika nzeru. Anthu akuno amathokoza ndi zomwe ali nazo, kambale ka usipa, mpunga wa ku Lifuwu, chinangwa. Agogo ayenda mtunda atasenza zimenezo patapita mwezi chichirire, kuwabweza nkuwachititsa manyazi, ine ndimalandira ndi manja awiri nkukagawana ndi anzanga. Koma ndalama ayi, ndipo chilichonse chobwera musanamuthandize munthu si zikomo ameneyo, akugula malo pamzere. Chipatala cha boma ndi chaulere. Ingonenani mwaulemu kuti "Bambo sungani, mukagulire mwanayu sopo."

China chomwe timaiwala, zikomo amagwera amene wavala zoyera. Koma amene anakolopa masanzi usiku uja ndi mayi a kilina, amene anakamupeza mwana wa kolera uja kumudzi pa njinga ndi HSA (mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi), anatsegula geti 1 koloko ya usiku ndi alonda. Pa handover, posinthana ntchito, muzinena kuti uje uja wachira, wati zikomo nonse. Alonda athu tsiku lomwe ndinawauza za kamnyamata kaja anandifunsa katatu kuti "kamene kaja?"

Sindikunena kuti zikomo amalowa mmalo mwa malipiro, magolovesi kapena off, zimenezo tizifunsabe kwa mabwana mosanyengerera, ndipo mukatopa zenizeni pemphani tchuthi mukapume. Palinso masabata oti palibe olo mmodzi wothokoza. Masabata amenewo ine ndimangotsegula kakope kaja pa lunch, kuwerenga mizere iwiri itatu, kumwa madzi, nkuitana wotsatira.