Musanalipire kuyezetsa ma telomere, chitani izi kaye

Abale muli ku UK ndi ku Joni, mwina mwaonapo malonda aja pa intaneti oti tumizani kadontho ka magazi tikuuzeni zaka zenizeni za thupi lanu. Chomwe amayeza ndi ma telomere, ka DNA ka kumapeto kwa kromozomu (kamtolo ka DNA ka m'selo) komwe kali ngati mpendero wa chitenje, selo ikagawikana mpendero uja umafupikako. Sayansi yake ndi yeniyeni ndithu, Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira nayo Nobel mu 2009.

Choyamba afunseni kuti labu yawo imayeza bwanji. Ambiri amayeza ndi njira yotchedwa qPCR poti ndi yotchipa, koma imangopereka avareji ndipo magazi omwewo mutawatumiza malabu awiri zotsatira zitha kubwera zosiyana. Madokotala akakayikira matenda enieni a ma telomere ngati dyskeratosis congenita kapena pulmonary fibrosis (matenda a mapapo) yoyenda m'banja amayeza ndi njira ina yotchedwa flow-FISH, nde ngati kumtundu kwanu kuli zimenezo pitani kwa dokotala, osati pa webusaiti.

Funsaninso kuti akukuyerekezani ndi ndani. Kafukufuku wa ku America amaonetsa kuti ife akuda timakhala ndi ma telomere otalikirapo kuposa azungu, akazinso kuposa amuna.

Zotsatira zikabwera musathamange magazi, apa mpomwe ndimamvera anthu chisoni kwambiri. Inde mu 2003 Richard Cawthon anapeza kuti mwa anthu 143 a ku Utah azaka 60 kupita m'mwamba, a ma telomere aafupi ankafa msanga, makamaka ndi mtima komanso matenda opatsirana, ndipo ku Denmark mu 2015 anaonanso kugwirizana kwa ma telomere aafupi ndi imfa pa anthu oposa 64,000, koma izi ndi za gulu lonse, sizikunena tsiku la munthu mmodzi ayi. Komanso aatali si kuti mwawina, obadwa nawo aatali amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha makhansa ena ngati melanoma ya pakhungu. Ma telomere a Scott Kelly, woyenda mumlengalenga wa ku America, anatalika iye ali mumlengalenga masiku 340, atangotera pansi n'kufupikanso m'masiku ochepa.

Akayamba kukutsatsani mapilisi otalikitsa, akaneni. Mu 2018 bungwe loteteza ogula la FTC ku America linaletsa ogulitsa mankhwala otere otchedwa TA-65 kunena zoti imabweza ukalamba popanda umboni. Ndalama imeneyo kayezetseni nayo BP ndi shuga, ndipo ngati mumasuta fodya muuzeni dokotalayo tsiku lomwelo kuti mukufuna kusiya.