Musanakwere forklift ku Joni, fufuzani kaye pepala lanu

Anyamata ambiri kuno ku Zomba, a ku Chinamwali, Songani mpaka ku Jali, akamakonzekera ulendo wa ku Joni amandifunsa za ntchito ya forklift, makina aja onyamulira katundu ndi mafoloko awiri achitsulo kutsogolo, poti anamva kuti malipiro ake ndi abwinoko kusiyana ndi kupakira katundu pamanja. N'zoona, ndi abwinoko. Koma inu amene muli kale m'maweyahausi a ku City Deep, Germiston, Isando kapena Epping ku Cape Town mukudziwa kuti tsiku limene zinthu zalakwika, woyamba kulozedwa chala ndi mlendo, ndipo choyamba kufunsidwa ndi pepala lake.

Ku South Africa, malamulo a Driven Machinery Regulations a 2015 amafuna kuti woyendetsa forklift aphunzitsidwe ndi sukulu yovomerezeka, ayezedwe ndi dokotala, ndipo setifiketi yake imatha pakapita miyezi 24. Laisensi ya galimoto yochokera kumudzi ilibe ntchito pamenepa. Setifiketi ya gulu la F1 ndi ya forklift wamba yonyamula mpaka makilogalamu 3,000, ndipo sikulolani kukwera reach truck, ija yamlongoti wautali yoyenda m'timipata ta pakati pa mashelefu. Zimenezi aliyense angakuuzeni.

Chimene sakuuzani ndi cha maejenti okonza masetifiketi. Amene anandidyera ine ndalama anali wakwathu, wolankhula Chichewa chabwinobwino, wodziwa ndi mitengo ya matemba a ku Kachulu yomwe. Anali ndi kachipinda pamwamba pa nyumba ina yosanja m'tauni ya Johannesburg, khoma lodzaza zithunzi za anthu ovala zipewa zachikasu. Anatitengera pabwalo lina, tinazungulira matayala akutha ndi forklift yofuka utsi, m'mawa mwake n'kutipatsa makadi onyezimira, okhala ndi chithunzi, nambala ndi chidindo. Dokotala sitinamuone. Titafunsa, anangoti, "Achimwene, zimenezo ndi za azungu, ine ndakuchepetserani mtengo ngati abale anga." Ubale umenewo ndi umene anatiphera nawo maso.

Khadi limenelo linandipezetsa ntchito kudzera kwa labour broker, amene amalemba anthu n'kuwatumiza kukagwira ntchito m'makampani ena, ndipo palibe analifufuza, chifukwa zinthu zikamayenda bwino aliyense amangofuna katundu atuluke. Forklift imene ndinkayendetsa inali ndi mabuleki ofooka. Ndinamuuza kapitawo, osati kamodzi, iye n'kumati thiraki ikudikira, makaniko abwera Lolemba. Lolembalo silinakwane. Tsiku lina pansi panali ponyowa, ndinaponda buleki koma chinthu chija chinangopitirira, n'kukagunda mwendo wa shelefu. Mapaleti a mafuta ophikira anagwa, ine n'kuvulala dzanja. Mwayi wake panalibe woyenda pansi pamenepo.

Pomwe ankandiitana ku ofesi, anali atafufuza kale nambala ya khadi langa n'kupeza kuti sukuluyo kulibe. Kuyambira pamenepo nkhani ya mabuleki inafera m'mazira. Kapitawo anakana kuti ndinamuuzapo kanthu, kampani inati ine si wantchito wawo koma wa broker, broker n'kuti ndinamunamiza. Malipiro a mwezi umenewo anawadula pafupifupi onse, ati kulipira mafuta aja. Ejenti uja foni yake sinkalowanso, ndipo m'kachipinda kaja ndinakapezamo anthu akumanga tsitsi. Mpaka lero ndikamva mnyamata akuti pali mkulu wina amakonza mapepala mwachangu, mtima umandiwawa.

Tsono musanalipire ngakhale randi imodzi, funsani nambala imene sukuluyo inavomerezedwera, muitsimikize nokha ku bungwe la TETA, Transport Education Training Authority. Sukulu yosafuna kalata ya dokotala, ithaweni. Yolonjeza setifiketi musanakwere n'komwe makinawo, ithaweninso, ngakhale mwini wake atakhala wa mpingo wanu.

Vuto lililonse la forklift lilembeni pa fomu yoyenderapo m'mawa, mabuleki, hutala, matcheni, mafuta odontha, ndipo muijambule ndi foni musanaipereke. Mawu apakamwa kapitawo adzawakana maso muli gwa.

Ngozi ikachitika musasayine pepala limene simunalimvetse, olo akuwopsezeni ndi apolisi kapena a Home Affairs. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act silola bwana kungodula malipiro chifukwa cha katundu wowonongeka. Payenera kukhala mgwirizano wolembedwa, akumvereni mbali yanu, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anu. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza madandaulo a pantchito, ndipo kumeneko salipiritsa. Khoti la Labour Court linagamula mu 2008 kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chilibe mphamvu ndi wantchitobe pamaso pa lamulo la Labour Relations Act, choncho musadziletse nokha ndi mantha. Mukavulala, bwana ayenera kukanena ku Compensation Fund, thumba la boma lolipira ovulala pantchito, pasanathe masiku 7, malinga ndi lamulo la COIDA la 1993. Akamati tingothana pano, n'kukupatsani timarandi tochepa m'manja kuti mukagule mankhwala, dziwani kuti akubisa ngoziyo. Kuchipatala nenani momveka kuti mwavulalira pantchito, zilembedwe.

Nanga kayendetsedwe? Abale anga, ambiri mumavulala chifukwa chofuna kuoneka achangu pamaso pa bwana, poopa kuti mawa aika wina. Bwanayo changu chanu sadzachikumbukira pa tsiku la mlandu.

Forklift imakhota ndi matayala akumbuyo, ndiye mukamakhota, kumbuyoko kumakankhukira kunja ndipo kumakhala chitsulo cholemera kwambiri. Anthu ambiri opanikizidwa kukhoma amakhala kuti anaima kumbuyoko. Muziyang'ana kumeneko musanakhote, ndipo pakona iliyonse lizani hutala ngakhale anzanu azikusekani.

Pali kachitsulo kolembapo kulemera kumene makinawo angakwanitse. Kakati makilogalamu 2,500 pa mamilimita 500, ndiye kuti pakatikati pa katunduyo pakhale pamtunda umenewo kuchokera kumsana kwa mafoloko. Katundu akakhala wautali, kapena mukamukweza pamwamba kwambiri, mphamvu ija imachepa. Ndinaonapo anyamata akukwera kumbuyo kwa forklift kuti matayala asadzuke, kapitawo akuonerera n'kumaseka. Imeneyo si minibasi ya ku Liwonde yoti kondakitala aziti malo alipo a munthu mmodzi. Matayala akumbuyo akayamba kupepuka, tsitsani katunduyo, mumugawe.

Musayende mafoloko ali m'mwamba, ndipo musayerekeze kukhota katundu ali pamwamba, pakuti n'chimene chimagwetsa forklift chammbali. Ikayamba kugwa, musadumphe. Ndikubwereza chifukwa thupi limakuuzani kuti dumphani, koma denga lachitsulo lija limakupezani pansi n'kukuphwanyani. Gwiritsitsani chiwongolero, pondani mwamphamvu, pendekerani mbali yosiyana ndi kumene ikugwera. Lamba ndi wa ntchito imeneyi, osati uja mumamumanga kumbuyo kwa mpando kuti alamu isiye kulira.

Pamtunda kapena pamtsetse, katundu aziyang'ana kumtunda nthawi zonse, kutanthauza kuti potsika mumabwerera chambuyo. Katundu akakutchingani kumaso, yendaninso chambuyo. Musanalowe m'thiraki, tsikani mukaone nokha ngati matayala ake atsekeredwa, chifukwa dalaivala wotopa amatha kunyamuka inu muli pakati pa thiraki ndi nsanja.

Forklift ya gasi kapena dizilo musaisiye ikulira m'kontena kapena m'chipinda chozizira chotsekedwa. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, mumangomva mutu kuwawa n'kumaganiza kuti ndi njala. Pomwe mukutchaja batire musasutirepo fodya, pamatuluka mpweya woyaka.

Ndiye pali nkhani ya chisoni chathu chija cha Chimalawi. Mnzanu wangofika kumene kuchokera ku Thondwe, akupempha kuti mumuphunzitseko nthawi ya nkhomaliro mabwana kulibe. Mukaneni. Wina akuti mumukweze papaleti akatenge katoni pamwamba, mphindi imodzi yokha. Mukaneninso, akatenge makwerero. M'maweyahausi ambiri muli makamera, ndipo dzina lolembedwa pa forklift imeneyo tsiku limenelo ndi lanu. Mukatsika, ngakhale popita kukataya madzi, tsitsani mafoloko pansi, kokani handibuleki, makiyi alowe m'thumba. Mnzanu wa ku Thondwe uja, ngati akufunadi ntchitoyi, musonkhereni ndalama apite kusukulu imene mwaitsimikiza ku TETA, ndipo lisiti lake alisunge pamodzi ndi pasipoti.