Momwe mungalowetsere ndi kutulutsira mayina ambirimbiri mu PostgreSQL pakamodzi

Ngati muli ndi fayilo ya Excel ya mamembala onse a kopaletivi kapena ana a sukulu yonse, musadzivute kuwalowetsa mmodzimmodzi ndi INSERT. PostgreSQL, pulogalamu yosungira zinthu m'matebulo (database), ili ndi lamulo la COPY lomwe limasenza mizere yonse ulendo umodzi. Lamulolo ndi lalifupi. Chomwe chimadya nthawi ndi fayiloyo.

Yambani ndi Excel. Posunga fayilo sankhani CSV UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ m'mawu ngati Malaŵi chimasokonekera. Nambala za foni nazo n'zovuta: Excel imadula ziro woyambirira wa 088 kapena 099 poganiza kuti ndi nambala zowerengera. Kolamu ya mafoni ikhale ya Text musanalembemo kanthu.

Mukatero, musathire zinthuzi m'tebulo lenileni. Pangani kaye tebulo longoyembekezera, makolamu onse akhale text:

CREATE TABLE kanthawi (dzina text, foni text, tsiku text);

Kenako mu psql, pulogalamu yolemberamo malamulo a PostgreSQL, lembani izi pa mzere umodzi, osaudula:

\copy kanthawi FROM 'mamembala.csv' WITH (FORMAT csv, HEADER true)

Kachizindikiro ka \ kali kutsogoloko musakaiwale. COPY yopanda kachizindikiroko imakafufuza fayilo pa seva (kompyuta yomwe ikusunga database) ndipo imafuna chilolezo chapadera, pomwe \copy imatenga pa kompyuta yanu. HEADER true ndiye kuti mzere woyamba, wa mitu, udumphidwe.

Tebulo longoyembekezerali n'lofunika chifukwa COPY siikhululuka. Mzere umodzi ukalakwika, mwina wina analemba "palibe" pamalo pa tsiku, ntchito yonse imakanika ndipo palibe cholowa. Koma m'makolamu a text mawu otere amalowa, ndiye mumawakonza musanasamutse. PostgreSQL 17 ya 2024 inabweretsa ON_ERROR ignore yodumpha mizere yotere, koma ine sindiikonda pa mayina a anthu. Wodumphidwayo mudzamuzindikira tsiku lomwe akudandaula kuti dzina lake palibe.

Yang'anitsitsani masiku. Kwa ife 03/04/2025 ndi 3 Epulo, koma seva yotchera kachimereka idzawerenga 4 Malichi popanda kukuchenjezani. Iuzeni nokha kalembedwe ka tsiku posamutsira ku tebulo lenileni, la mamembala:

INSERT INTO mamembala (dzina, foni, tsiku) SELECT trim(dzina), foni, to_date(tsiku, 'DD/MM/YYYY') FROM kanthawi;

Werengani mizere ndi count(*) mufananize ndi ya mu Excel, kenako lembani ANALYZE mamembala; kuti kufufuza kusamachedwe. Mizere ikakhala mamiliyoni, chotsani ma index (mindandanda yofulumizitsa kufufuza) musanayambe n'kuwabwezera mukamaliza.

Kutulutsa n'kosavuta, ndipo mutha kusankha zomwe mukufuna zokha:

\copy (SELECT dzina, foni FROM mamembala) TO 'mndandanda.csv' WITH (FORMAT csv, HEADER true)

Amene mukumutumizira fayiloyi mumuuze aitsegule kudzera pa Data, From Text/CSV, n'kuika kolamu ya mafoni pa Text, chifukwa akangoidina kawiri maziro aja apitanso. Ngati cholinga n'kusamutsa database yonse kupita pa seva ina, CSV isiyeni, gwiritsani ntchito pg_dump yomwe imatenga matebulo ndi maulalo ake omwe.