Kope la Pakhomo: Mmene Mungayezere Ndondomeko za Boma pa Banja Lanu

Ndine mlembi wa banki m'khonde ya amayi kwathu kuno ku Mchinji. Nduna ikawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, Lachinayi lotsatira amayi amandifunsa funso limodzimodzi: "Amlembi, nanga ifeyo zitikhudza bwanji?" Kale ndinkangoti tiona. Pano ndimatsegula kope, ndipo njira yake ndi iyi.

Gulani kope lapadera, losiyana ndi la masheya, ndipo muyambe kulemba ndondomeko yatsopanoyo isanayambe kugwira ntchito. Mukachedwa mudzadalira kukumbukira, pomwe mutu umasunga zowawa zokha. Mwezi uliwonse, tsiku lomwelo, lembani mtengo wa ndowa ya chimanga, sopo, mchere, mafuta ophikira, chigayo ndi kabaza wopita kuchipatala. Zisanu ndi chimodzi zimenezi zakwana. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife a makope tinaona ndi maso kuti sopo ndi mafuta zinalumpha msanga, pomwe malipiro a ganyu anatsalira m'mbuyo miyezi ingapo. Mpata umenewo ndi umene unachotsa ndiwo pa mbale.

Chachiwiri ndi chimene ndimalimbikira kwambiri. Makwacha amanamiza, choncho sinthani mtengo uliwonse ukhale ndowa za chimanga kapena masiku a ganyu. Tengani chitsanzo cha zipangizo zaulimi zotsika mtengo za AIP. Mu 2020 thumba la feteleza la makilogalamu 50 linali K4,495, ndipo pofika 2022 linafika K15,000. Mlimi ankalandira matumba awiri, NPK wokulitsa ndi Urea wobereketsa. Dzifunseni kuti munagulitsa ndowa zingati kuti muwombole matumba awiriwo, nanga nkhokwe inaonjezeka ndi ndowa zingati pokolola. Muonjezerepo ndalama ya mayendedwe, masiku amene munakhala pamzere m'malo mopalira, ndiponso tsiku limene fetelezayo anafika. Wokulitsa akafika chimanga chili m'chiuno, thumba ndi lomwelo koma phindu latha kale. Deti limeneli musaiwale kulemba.

Kenako funsani kuti katunduyu wasenza ndani m'nyumbamo. Banja likhoza kuoneka kuti lapindula pomwe wina mmenemo waluza. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kupitirira 3 miliyoni, ndipo azing'ono anga awiri anali m'gulu lomwelo. Chinali chinthu chachikulu, sindichepsa. Komabe yunifomu, makope ndi ndalama ya chitukuko zinatsala pa makolo, ndipo zikavuta amene ankayamba kujomba anali mtsikana. Ndiye m'kopemo mukhale ndi tsamba la munthu aliyense: ndani wasiya sukulu, ndani akudya kamodzi, ndani akuyenda mtunda wautali kuposa kale. Agogo nawo muwawerenge, chifukwa sadandaula.

Nyumba imodzi siikwana. Ine ndimatsata zitatu, eni ake atavomera: ya mayi wamasiye amene amalandira Mtukula Pakhomo, pulogalamu yomwe inayambira konkuno ku Mchinji mu 2006, ya mphunzitsi wa malipiro a pamwezi, ndi ya mlimi amene dzina lake silinatuluke pa mndandanda uliwonse. Nyumba yachitatuyi ndi imene imandiphunzitsa zambiri, poti mitengo imawakwerera ngati wina aliyense koma chowathandiza alibe. Mayina awo sindilemba, ndimangoika manambala.

Samalani kuti musanamizire boma mlandu wa mvula, kapena kulitamanda chifukwa cha mvula yabwino. Chaka cha ng'amba ya El Niño mu 2024 zokolola zinatsika ngakhale kwa amene anathira feteleza nthawi yake. Lembani m'mphepete mwa tsamba mmene nyengo inalili, ndipo muyerekeze minda iwiri yoyandikana, wina wa feteleza wotsika mtengo, wina wopanda. Zachipani zisiyeni pakhomo pa kope. M'gulu lathu muli ovala nsalu zamitundu yosiyana, koma mtengo wa ndowa sitikanganapo.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, koperani zonse pa pepala limodzi lokha. Pitani nalo ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), mupemphe kuti lifike ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC) ndi kwa khansala, ndipo lina mupatse alangizi a zaulimi. Mukaima kuyankhula, tchulani chinthu chimodzi chimene mukufuna chisinthe, monga deti lofikira feteleza kapena malo ogulira apafupi. Ife chaka chino tikupita ndi pempho la deti, ndipo amene adzawerenge pepalalo pamaso pa a mfumu ndi mayi wa nyumba yachitatu ija.